O44.1: Nambala Imene Zipatala Zimalembela Kutaya Magazi Kocokela ku Nsengwa Yotseka Njila ya Mwana

Mai wapakati akafika ku cipatala akutaya magazi, nchito yoyamba ya azamba ndi madotolo ndi kupulumutsa moyo wake ndi wa mwana. Zimenezi zikatha, pamatsala nchito ina imene odwala ambili saiona. Matenda amene apezeka amalembedwa m'failo ya wodwala, ndipo pambuyo pake mau amene alembedwawo amasandutsidwa nambala. Ngati vuto linali nsengwa imene yakhala m'munsi mwa cibelekelo ndi kucititsa mai kutaya magazi, nambala yake m'buku la ICD-10 la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization, kapena WHO mwacidule, ndi O44.1.

Nambala imeneyi ndi yaifupi, koma ndiyo imalowa m'ziwelengelo za cipatala ndi za dziko. Ikalakwika, amene amagawa magazi, maambulansi ndi anchito a zaumoyo amaona cithunzi cimene si coona. Ndipo nambala singakhale yoona kuposa mau amene mzamba kapena dotolo analemba pa pepala.

Kodi vuto limeneli ndi lotani?

Nsengwa, imene ena amaicha nsapo, ndi ciwalo cimene cimamela m'cibelekelo pa nthawi ya pakati. Imalumikizana ndi mwana kudzela m'cingwe ca mcombo, ndipo ndiyo imapatsila mwana cakudya ndi mpweya kucokela m'magazi a amai ake. Mwana akabadwa, nsengwa nayo imatuluka pambuyo pake.

Kwa amai ambili, nsengwa imamela kumtunda kapena m'mbali mwa cibelekelo, kutali ndi khomo. Koma nthawi zina imamela m'munsi, ndipo imaphimba khomo la cibelekelo, lonse kapena mbali yake. Madotolo amacha vuto limeneli placenta praevia. Liu lakuti praevia ndi la Cilatini, ndipo limanena za cinthu cimene catsogola panjila. Apa ndiye kuti nsengwa, imene inafunika kutuluka pambuyo, yakhala patsogolo pa mwana. Vutoli limapezeka kwa mai pafupi-fupi mmodzi mwa amai 200 alionse amene pakati pao pafika miyezi yomaliza.

Magazi amatuluka pa cifukwa ici: m'miyezi yomaliza, mbali ya m'munsi ya cibelekelo imatanuka ndi kupyapyala, ndipo khomo limayamba kufewa pokonzekela kubeleka. Nsengwa siitanuka mofanana ndi cibelekelo, conco imamatuka pang'ono ndipo mitsempha ya magazi imang'ambika. Magazi amene amatayika ndi a mai maka-maka. Pakati pakafika nthawi yake, magazi oposa theka la lita amadutsa m'cibelekelo pa mphindi iliyonse, ndiye cifukwa cake mai angafooke m'kanthawi kocepa. Ngakhale mwana atabadwa, ngozi siikhala itatha, pakuti mbali ya m'munsi ya cibelekelo siifinyika mwamphamvu monga ya kumtunda, ndipo pamalo pamene panali nsengwa pangapitilize kutuluka magazi.

Zizindikilo ndi amai amene ali pa ngozi

Cizindikilo cacikulu ndi magazi ofiila kwambili otuluka kumaliseche popanda kuwawa kulikonse. Zimenezi zimacitika pakati pakapitilila masabata 20, ndipo kawili-kawili m'miyezi itatu yomaliza. Mimba imakhala yofewa. Nthawi zina mwana amakhala mopingasa kapena motsogoza matako, cifukwa nsengwa yatenga malo amene mutu unafunika kutsikila.

Coopsa ndi cakuti magazi oyamba nthawi zambili amakhala ocepa ndipo amaleka okha. Popeza palibe cimene cikuwawa, banja lingaganize kuti vuto latha. Koma magazi amabwelanso, ndipo kaciwili angakhale oculuka kwambili.

Vutoli limapezeka kwambili kwa amai amene anabelekapo mwa opaleshoni kapena anacitidwapo opaleshoni ina ya cibelekelo, amene abeleka ana ambili, amene apitilila zaka 35, amene ali ndi pakati pa mapasa, amene amakoka fodya, ndi amene anakhalapo nalo pa pakati pena. Komabe lingagwele mai aliyense. Silibwela cifukwa ca kulima, kutunga madzi kapena khalidwe la mai kapena la mwamuna wake, ndipo palibe mankhwala akumwa amene angasunthe nsengwa.

Kupima ndi cithandizo

Njila yodalilika yodziwila pamene nsengwa yakhala ndi sikani. Lamulo lalikulu la azamba ndi lakuti mai amene akutaya magazi m'miyezi yomaliza sapimidwa ndi zala m'njila ya mwana kufikila sikani itaonetsa kuti nsengwa siili pakhomo. Cala cingabowole kapena kumatula nsengwa, ndipo magazi angatuluke osaletseka. Lamuloli likhudzanso anakubala ndi azamba a m'midzi.

Si mai aliyense amene sikani ya masabata 20 yaonetsa nsengwa ya m'munsi amene adzakhala ndi vutoli pobeleka. Cibelekelo cikamakula, nsengwa imatalikilana ndi khomo kwa amai pafupi-fupi 9 mwa amai 10 alionse. Ndiye cifukwa cake sikani imabwelezedwa pa masabata 32. Malangizo a mu 2018 a bungwe la madotolo a amai ku Britain la Royal College of Obstetricians and Gynaecologists amasiyanitsa zinthu ziwili: nsengwa imene yaphimba khomo, ndi nsengwa ya m'munsi, imene mphepete mwake muli pa mtunda wosakwana mamilimita 20 kucokela pakhomo.

Mai amene akutaya magazi amagonekedwa m'cipatala cimene cili ndi cipinda ca opaleshoni ndi magazi osungidwa. Amapimidwa gulu la magazi ake, amaikidwa magazi ngati afunika, ndipo ngati masiku a mwana sanakwane amalasidwa jekeseni yothandiza kukhwimitsa mapapo a mwanayo. Ngati nsengwa yaphimba khomo, mwana amabadwa mwa opaleshoni. Malangizo a ku Britain amenewa amati opaleshoni icitike pakati pa masabata 36 ndi 37 kwa mai amene sanatayepo magazi, ndipo icitike msanga, kuyambila pa masabata 34, kwa amene anatayapo. Magazi akaculuka, madotolo sayembekeza tsiku lililonse.

Buku la manambala a matenda

Vuto limodzi lingalembedwe m'mau osiyana-siyana. Dotolo wina amalemba dzina lonse, wina amalemba zilembo ziwili cabe, wina amalemba m'Cifalansa kapena m'Cipwitikizi. Kuti matenda awelengeke, ndi kuti ziwelengelo za Chipata zifanizidwe ndi za Ndola, kapena za Zambia ndi za Mozambique, pamafunika dzina limodzi logwilizana. Buku lochedwa International Classification of Diseases, kapena ICD, ndilo limapeleka dzina limenelo mwa nambala.

Ciyambi cake ndi cakale. Mu 1893, pa msonkhano wa akatswili a ziwelengelo mu mzinda wa Chicago, analandila mndandanda wa zimene zimapha anthu umene unakonzedwa motsogozedwa ndi Jacques Bertillon wa ku Paris. Mu 1948 bungwe la WHO linatenga udindo wosamalila mndandandawo, ndipo kuyambila pa kope lacisanu ndi cimodzi unaphatikizapo matenda a anthu amoyo, osati imfa zokha. M'kope lacisanu ndi cinai, ICD-9, kutaya magazi kocokela ku nsengwa yotseka njila kunali ndi nambala 641.1. Kope lakhumi, ICD-10, linavomelezedwa ndi msonkhano waukulu wa WHO mu May 1990, ndipo maiko anayamba kuligwilitsila nchito m'zaka zotsatila.

ICD-10 ili ndi mabuku atatu: mndandanda wa manambala, buku la malangizo, ndi mlozela wa maina a matenda. Kalaliki woika manambala sapima wodwala ndipo saloledwa kupeka matenda. Amawelenga zimene dotolo kapena mzamba analemba, amafufuza dzina m'mlozela, ndiyeno amatsimikiza nambalayo m'mndandanda, mmene muli malangizo onena zimene nambala ikuphatikiza ndi zimene siikuphatikiza.

Tanthauzo la O44.1

Nambala iliyonse ya ICD-10 imayamba ndi cilembo. Cilembo ca O, osati zilo, ndi ca caputala 15, cimene cili ndi manambala kuyambila O00 mpaka O99, onena za pakati, kubeleka ndi masabata oyamba mai atacila. Nambala 44 ndiyo ya nsengwa yotseka njila. Nambala ya pambuyo pa kadontho imanena za magazi, ndipo m'buku la WHO muli ziwili cabe.

O44.0 ndi ya nsengwa yotseka njila, kapena ya m'munsi, pamene kwalembedwa momveka kuti mai sanataye magazi.

O44.1 ndi ya nsengwa yotseka njila, kaya yaphimba khomo lonse, mbali yake, yafika m'mphepete mwake kapena yangokhala m'munsi, pamene mai wataya magazi.

Pali lamulo limodzi limene ambili salidziwa. M'buku la WHO, ngati failo yangochula dzina la vutoli popanda kunena ciliconse za magazi, nambala imene imaikidwa ndi O44.1. Kuti mai alowe mu O44.0, payenela kulembedwa kuti magazi sanatuluke. Motelo mai amene vuto lake linaoneka pa sikani, nabeleka bwino mwa opaleshoni yokonzekela, angawelengedwe pamodzi ndi amene anataya magazi ngati wolemba anasiya mau awili okha. Cipatala cimene madotolo ake salemba mau amenewa cidzaoneka ngati cili ndi amai ambili otaya magazi kuposa mmene zilili.

Manambala oyandikana nayo

Si magazi onse otuluka pa nthawi ya pakati amene amacokela ku nsengwa yotseka njila, ndipo apa ndi pamene zolakwa zambili zimacitikila.

O45 ndi ya nsengwa imene inakhala pamalo oyenela koma yamatuka mwana asanabadwe. Vuto limeneli kawili-kawili limabwela ndi kuwawa kwambili, mimba imauma ngati thabwa, magazi amakhala akuda, ndipo nthawi zina amabisala m'kati osatuluka.

O46 ndi ya magazi otuluka mwana asanabadwe amene alibe malo ena m'bukuli. Ngati failo yangoti mai anataya magazi asanabeleke, popanda kuchula cimene cinacititsa, kalaliki amakakamizika kuika nambala imeneyi, ngakhale kuti zotsatila za sikani zili m'failo momwemo koma dotolo sanazitsimikize. Pamenepo vuto la nsengwa yotseka njila limasowa m'ziwelengelo. Buku limaletsa kugwilitsila nchito O46 ngati cocititsa cadziwika kuti ndi nsengwa yotseka njila kapena yomatuka.

O20 ndi ya magazi otuluka kumayambililo kwa pakati, monga pamene pakati pafuna kupita padela. O67 ndi ya magazi otuluka pa nthawi yobeleka amene alibe malo ena, koma ngati akucokela ku nsengwa yotseka njila, nambala imakhalabe O44.1. O72 ndi ya magazi otayika mwana atabadwa kale. O69.4 ndi ya vuto lina losowa lochedwa vasa praevia, pamene mitsempha ya magazi a mwana ndiyo yadutsa pakhomo. Dzina lake likufanana ndi la vuto la nsengwa, koma magazi amene amatayika ndi a mwana.

Mai mmodzi angakhale ndi manambala angapo, koma imodzi ndiyo imakhala yaikulu, ndiye kuti vuto limene linacititsa kuti afune cithandizo. Mwacitsanzo, mai wa pakati pa masabata 35 akagonekedwa cifukwa ca magazi, sikani ndi kutsimikiza kuti nsengwa yaphimba khomo, ndiyeno ndi kubeleka mwana mmodzi wamoyo mwa opaleshoni, nambala yaikulu ndi O44.1. Ngati ali ndi cipsela ca opaleshoni yakale pa cibelekelo pangaonjezedwe O34.2, ndipo Z37.0 imaonetsa kuti pabadwa mwana mmodzi wamoyo. Opaleshoni ndi njila imene mwana wabadwila, si matenda, conco nambala yake ya O82 siilowa m'malo mwa O44.1.

Manambala oyamba ndi O amalembedwa pa failo ya mai yokha. Ngati mwana wakhudzidwa ndi vutoli, pa failo yake pamalembedwa P02.0, imene ili m'caputala ca matenda a makanda.

Nambala imodzi, matanthauzo awili

Amene amafufuza nambala imeneyi pa intaneti amapeza zinthu zosokoneza, cifukwa zambili zimene zimaoneka kumeneko ndi za ku United States. Dziko limenelo linakonza kope lake-lake lochedwa ICD-10-CM, limene linayamba kugwila nchito pa 1 October 2015. Kumeneko manambala ndiwo maziko a malipilo: cipatala cimawalemba pa cikalata copemphela ndalama ku makampani a inshuwalansi, ndipo nambala yosakwanila ingacititse kuti cikalata cibwezedwe.

Kuyambila pa 1 October 2016, kope la ku America linagawa O44 m'magulu asanu ndi limodzi. O44.0 ndi O44.1 ndi za nsengwa imene yaphimba khomo lonse, O44.2 ndi O44.3 ndi za imene yaphimba mbali kapena yafika m'mphepete, pamene O44.4 ndi O44.5 ndi za nsengwa ya m'munsi. Pa manambala awili alionse, yoyamba ndi yopanda magazi ndipo yaciwili ndi ya magazi.

Kumapeto amaonjezelapo nambala ina yoonetsa msinkhu wa pakati, kuwelengela kucokela pa tsiku loyamba la kusamba komaliza. Nambala 1 ndi ya pakati posakwana masabata 14, nambala 2 ndi ya kuyambila masabata 14 mpaka asanakwane 28, nambala 3 ndi ya kuyambila masabata 28 mpaka kubeleka, ndipo 0 imaikidwa ngati msinkhu sunalembedwe. Motelo O44.13 ikutanthauza nsengwa yophimba khomo lonse, ndi magazi, m'miyezi itatu yomaliza. Palinso nambala ya Z3A yochula masabata eni-eni, monga Z3A.32 ya masabata 32.

Kusiyana kwina ndi kwakukulu. M'kope la ku America, ngati failo siinanene za magazi, mai amaikidwa m'gulu lopanda magazi, zimene zikutsutsana ndi lamulo la m'buku la WHO. Conco O44.1 ya ku America ndi O44.1 ya WHO sizinena za amai ofanana ndendende, ndipo ziwelengelo zake sizingafanizidwe mosasamala. Wophunzila kapena kalaliki ayenela kudziwa coyamba kope limene cipatala cake cimatsatila asanatengele nambala pa intaneti.

Kugwilitsila nchito manambala pa malipilo si kwa ku America kokha. Ku South Africa, kuika manambala a ICD-10 pa zikalata zopita ku mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo kunakhala lamulo kuyambila mu 2005.

Kope latsopano la ICD-11

Mu May 2019 msonkhano waukulu wa WHO unavomeleza ICD-11, ndipo inayamba kugwila nchito pa 1 January 2022. Kope limeneli linakonzedwa kuti lizigwila nchito pa kompyuta, ndipo nkhani za pakati ndi kubeleka zili m'caputala 18. Nsengwa yotseka njila ili pa JA8B, ndipo ikabwela ndi magazi nambala yake ndi JA8B.1. Dziko lililonse limasamukila ku kope latsopano pa nthawi yake, cifukwa pamafunika kuphunzitsa anchito ndi kusintha makompyuta. Malekodi a zaka zambili zapitazo adzakhalabe ndi O44.1, motelo onse awili ayenela kudziwika.

Mai akamwalila

Kufunika kwa kulemba bwino kumaonekela kwambili pa cikalata ca imfa. Malinga ndi WHO, imfa ya ucembele ndi imfa ya mai amene ali ndi pakati, kapena amene wamwalila pasanathe masiku 42 kucokela pamene pakati panathela, pa cifukwa cokhudzana ndi pakatipo kapena cithandizo cake, osati ngozi wamba.

Cikalata ca dotolo cili ndi mizele ingapo. Pa mzela woyamba pamalembedwa cimene cinathetsa moyo, ndipo pa mizele yotsatila pamalembedwa cimene cinayambitsa cinzake, kufikila pa gwelo. Kwa mai amene wamwalila ndi vutoli, mzela woyamba unganene za kufooka kwa thupi cifukwa cotaya magazi ambili, waciwili za magazi otuluka asanabeleke, ndipo wacitatu za nsengwa yotseka njila. Gwelo limeneli ndilo limalowa m'ziwelengelo za dziko, ndipo nambala yake ndi O44.1. Ngati palembedwa cabe kuti mtima unaleka kugunda, cikalataco sicinanene kanthu, pakuti mtima wa munthu aliyense womwalila umaleka kugunda. Ngati sipanachulidwe kuti malemu anali ndi pakati, imfayo siiwelengedwa konse pa imfa za ucembele.

Mu 2012 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ochedwa ICD-MM, amene amaika imfa za amai m'magulu. Gulu lacitatu ndi la kutaya magazi, ndipo O44.1 ili m'menemo. Kafukufuku wa bungweli amene anafalitsidwa mu 2014 anapeza kuti kutaya magazi ndiko kunali patsogolo pa zimene zimapha amai mwacindunji pa nthawi ya ucembele, pafupi-fupi imfa 27 pa 100 zilizonse pa dziko lonse. Zambili mwa imfazi zinali za magazi otayika mwana atabadwa, koma kuti cigawo ca magazi otuluka asanabadwe cidziwike, manambala ayenela kusiyanitsidwa bwino.

Tanthauzo lake ku Zambia

Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey waonetsa kuti imfa zokhudzana ndi pakati zinatsika kucoka pa 729 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo mu 2001 ndi 2002, kufika pa 591 mu 2007, pa 398 mu 2013 ndi 2014, ndi pa 278 mu 2018. Mu May 2019, amene anali mtsogoleli wa dziko pa nthawiyo, malemu a Edgar Lungu, analengeza kuti imfa za amai ndi makanda ndi vuto la zaumoyo lofunika kucitapo kanthu mwamsanga. Colinga cimene maiko anagwilizana ku United Nations ndi cakuti pofika mu 2030 imfa za ucembele pa dziko lonse zitsike kufika pansi pa 70 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo.

Ziwelengelo za kafukufuku ameneyu zimapezeka mwa kufunsa anthu m'makomo za abale ao aakazi amene anamwalila. Zimanena kuculuka kwa imfa, koma sizinena matenda amene anapha mai aliyense. Zimenezo zimadziwika kucokela m'mafailo a zipatala, m'zikalata za imfa, ndi m'misonkhano imene anchito a zaumoyo amaunikilamo imfa iliyonse ya mai.

Kudziwa cocititsa ndi kofunika cifukwa mtundu uliwonse wa kutaya magazi uli ndi yankho lake. Magazi ambili otuluka mwana atabadwa angaletsedwe pa kiliniki yaing'ono ndi mankhwala ofinyitsa cibelekelo monga oxytocin. Koma nsengwa yophimba khomo siingathetsedwe pa kiliniki. Imafuna sikani yoonela vutoli nthawi ikalipo, galimoto yopititsa mai ku cipatala cacikulu, cipinda ca opaleshoni, ndi magazi ocokela ku bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service. Zipatala monga Chipata Central, Saint Francis ku Katete ndi Women and Newborn Hospital ku Lusaka zimalandila amai otumizidwa kucokela kutali. Ngati amai amenewa onse alembedwa cabe kuti anataya magazi, okonza mapulani sangadziwe kuti ndi boma liti limene likufunika makina a sikani, ndiponso ndi liti limene likufunika mankhwala.

Zimene aliyense angacite

Kwa azamba ndi madotolo, zofunika kulemba ndi zocepa: dzina lonse la vuto m'malo mwa zilembo zacidule, pamene nsengwa yakhala malinga ndi sikani, ngati magazi atuluka kapena ai, nthawi imene anatuluka, ndi masabata a pakati. Ngati sikani yaciwili yaonetsa kuti nsengwa yatalikilana ndi khomo, zimenezo ziyenela kulembedwanso, kuti mai asapitilize kunyamula dzina la vuto limene alibe. Kalata yotumizila wodwala ku cipatala cina iyenela kunyamula mau omwewo.

Kwa makalaliki, lamulo ndi lakuti pamene mau sakumveka kapena akutsutsana, amabwelela kwa amene analemba ndi kufunsa, osati kuganizila.

Kwa amai ndi mabanja ao, sikofunika kuloweza nambala iliyonse. Cofunika ndi kuyamba sikelo msanga, kupempha kuti zotsatila za sikani zifotokozedwe ndi kulembedwa pa khadi, ndi kusunga khadilo pamalo pafupi. Mai amene wauzidwa kuti nsengwa ili m'munsi ayenela kubwelela pa tsiku la sikani yaciwili, ndipo ngati akhala kutali angalangizidwe kukadikila ku nyumba ya amai oyembekezela pafupi ndi cipatala. Mamembala a magulu a Safe Motherhood Action Groups, amene amadziwika m'midzi ndi dzina lakuti SMAG, amathandiza mabanja kukonzekela za mayendedwe.

Magazi alionse otuluka pa nthawi ya pakati, ngakhale ocepa, ngakhale opanda kuwawa, ngakhale ataleka okha, ndi cifukwa cokwanila copitila ku cipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Mai asapimidwe ndi zala kunyumba, asapatsidwe mankhwala ofulumizitsa kubeleka, ndipo khadi la ku sikelo lisatsale.